Kuphunzira zolembedwa za Chisipanishi za ku Latin America: njira zisanu ndi zimene iliyonse imafuna

Zolembedwa za Chisipanishi za ku America zinayamba ndi makalata ndi mabuku a mbiri amene asilikali, ansembe ndi zidzukulu za mafumu ogonjetsedwa ankalemba m'zaka za m'ma 1500, ndipo zikupitirirabe lero m'nyumba zosindikiza mabuku za ku Buenos Aires, Bogotá ndi Mexico City. Ndi zaka 500 zimenezo, m'maiko 18 kuwonjezerapo chilumba cha Puerto Rico. Munda ndi waukulu, ndipo ambiri amene amagwa mphwayi panjira amakhala kuti anathamangira kufunsa za sukulu ndi fizi asanadziwe chimene akufuna kuwerenga.

Zoyeza musanasankhe

Muyeso umene umalamulira ina yonse ndi nyengo ya zolembedwa imene mtima wanu uli. Tiigawe patatu. Yoyamba ndi ya atsamunda, kuyambira 1492 mpaka cha m'ma 1820: makalata a Hernán Cortés amene anagonjetsa Mexico, buku la msilikali wake Bernal Díaz del Castillo losimba kugwa kwa mzinda wa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, *Comentarios reales* ya Inca Garcilaso de la Vega ya mu 1609, ndi ndakatulo za Sor Juana Inés de la Cruz amene anamwalira mu 1695. Izi zili m'Chisipanishi chakale, zina zosakanikirana ndi Quechua kapena Nahuatl, ziyankhulo za eni nthaka a ku Peru ndi ku Mexico. Yachiwiri ndi ya zaka za m'ma 1800, maiko atangodziimira paokha, pamene alembi ankakangana za mmene dziko latsopano lingamangidwire: *Facundo* ya Sarmiento mu 1845, *María* ya Jorge Isaacs mu 1867, *Martín Fierro* ya José Hernández mu 1872, mpaka *Azul* ya Rubén Darío mu 1888 imene inasintha kalembedwe ka ndakatulo. Yachitatu ndi ya kuyambira 1900 kudzafika lero, ya César Vallejo, Jorge Luis Borges, Juan Rulfo, Gabriel García Márquez, Roberto Bolaño ndi alembi a masiku ano monga Fernanda Melchor ndi Samanta Schweblin.

Nthano zazitali ndi zazifupi za nyengo yachitatuyi zimamveka bwino ngakhale zitamasuliridwa. Ndakatulo za nyengo iliyonse, pamodzi ndi zolembedwa zambiri za nthawi ya atsamunda, simungazilowe mozama popanda Chisipanishi. Njira zonse zili m'munsizi zimasiyanirana pamenepa.

Miyeso inayi yotsalayo ndi iyi. Mtengo tiuwerengera m'ndalama ndi m'maola omwe, chifukwa pa phunziro ili maola ndiwo amadula kwambiri. Kupezeka ndi funso loti mabuku, aphunzitsi ndi malo olembera mayeso mungawafikire muli komwe muliko. Kusamalira ndi ntchito ya sabata ndi sabata yoti zimene mwaphunzira zisazime. Mavuto ndi pamene njirayo imakonda kusokonekera.

Njira yoyamba: kuwerenga zomasuliridwa m'Chingerezi

*Mtengo.* Buku latsopano la chikuto chofewa ku Britain limagulidwa mapaundi 10 mpaka 13. Mabuku 20 osankhidwa bwino amakwanira kukupatsani chithunzi cha zaka zonse 500, ndiye kuti mapaundi 200 mpaka 260 musanawerengere zotumizira. Ogwiritsidwa kale ntchito amatsika mtengo kwambiri. Maola amene mumawononga ndi owerengera basi, palibe chiyankhulo chophunzira.

*Kupezeka.* García Márquez, Mario Vargas Llosa, Isabel Allende ndi Borges mudzawapeza m'mashopu akuluakulu a mabuku ku Johannesburg, Cape Town ndi London, komanso ngati mabuku owerengera pafoni, bola mukhale ndi khadi ya banki yotha kulipira ndalama zakunja. Mukangochoka pa maina otchukawa zinthu zimavuta. Mabuku a m'ma 1800 ndi a alembi akuda a ku Cuba ndi Colombia ambiri anamasuliridwa ndi nyumba zosindikiza za mayunivesite a ku America, amasindikizidwa ochepa ndipo amadula. *Changó, el gran putas* ya Manuel Zapata Olivella, nthano yaitali yosimba ulendo wa Aafirika otengedwa ukapolo, inatuluka mu 1983 koma inadzamasuliridwa m'Chingerezi mu 2010. Wodalira Chingerezi chokha amaona Latin America amene ofalitsa mabuku a ku New York ndi London anamusankhira.

*Kusamalira.* Ntchito ndi yochepa, koma musawerenge popanda mapu ndi buku limodzi la mbiri ya chigawochi pambali. Kuphedwa kwa antchito a m'minda ya nthochi mu *Cien años de soledad* ya García Márquez kukuchokera pa zimene zinachitikadi ku Ciénaga mu 1928, asilikali atawombera anthu onyanyala ntchito pa kampani ya United Fruit. Midzi yopanda anthu ya Rulfo inasiyidwa choncho ndi nkhondo yosintha boma ya ku Mexico imene inayamba mu 1910, ndi nkhondo ya Cristero, ya pakati pa boma ndi Akatolika, ya 1926 mpaka 1929. *Facundo* sungaimve usakudziwa Juan Manuel de Rosas, wolamulira mwankhanza wa ku Argentina wa nthawi imeneyo. Wosadziwa izi amangoti zonse ndi zamatsenga, pamene alembiwo ankasimba zimene makolo awo anaona ndi maso.

*Mavuto.* Lalikulu ndi kugula kumasulira kolakwika osadziwa. Onani dzina la womasulira ndi chaka musanatulutse ndalama. Buku la Bernal Díaz limene J. M. Cohen anamasulira mu 1963 ndi losavuta kupeza, koma ndi lodulidwa: limathera pa kugwa kwa Tenochtitlan mu 1521, pamene lenilenilo lili ndi mitu yoposa 200 ndipo limapitirira mpaka ulendo wa ku Honduras ndi madandaulo a mlembiyo pa malipiro amene sanalandire. Lathunthu ndi la A. P. Maudslay, la mavoliyumu 5 a pakati pa 1908 ndi 1916, lomwe likupezeka mwaulere pa Internet Archive. *Pedro Páramo* ya Rulfo ilipo m'Chingerezi katatu: ya Lysander Kemp ya 1959 imene inadumpha ziganizo zina, ya Margaret Sayers Peden ya 1994, ndi ya Douglas Weatherford ya 2023. Tengani imodzi mwa ziwiri zomalizazo. Zaulere zakale kwambiri nazo muzisamala nazo: kabuku ka Bartolomé de las Casas ka mu 1552 konena za nkhanza za Asipanishi kanamasuliridwa ku England m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ndi cholinga choipitsa Spain, ndipo omasulirawo ankathira ndiwo zawozawo. Buku la mu 1615 la Guaman Poma, mbadwa ya ku Peru imene inalemba mbiri ya anthu ake ndi nkhanza za atsamunda, m'Chingerezi mumangopeza zigawo zake.

Pa ndakatulo, gulani mabuku okhala ndi ziyankhulo ziwiri moyang'anizana, Chisipanishi kumanzere, Chingerezi kumanja. Ndakatulo zonse za Vallejo zilipo motero m'kumasulira kwa Clayton Eshleman kwa 2007. Ngakhale musakudziwa chiyankhulocho, maso amaona kutalika kwa mizere ndi mawu obwerezedwa.

Njira yachiwiri: kuphunzira Chisipanishi muli kwanu n'kumawerenga mabuku mmene analembedwera

*Mtengo.* Apa mumalipira maola. Foreign Service Institute, sukulu yophunzitsa ziyankhulo akazembe a dziko la America, imawerengera maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti wodziwa Chingerezi afike pogwira ntchito m'Chisipanishi. Pa ola limodzi tsiku lililonse, ndi zaka ziwiri. Kuwerenga kumabwera msanga kuposa kuyankhula, kotero nthano zazifupi zosavuta mukhoza kuziyamba chaka choyamba chisanathe. Ndalama zimapita ku bandulo, ku buku limodzi labwino la galamala, ndi kwa mphunzitsi wa pa intaneti kamodzi pa sabata. Aphunzitsi ambiri a ku Guatemala, Colombia ndi Mexico amalipiritsa madola 10 mpaka 20 pa ola.

Woyankhula Chichewa amayamba ndi mwayi. Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu omwewa, otchulidwa monga timawatchulira ife. Lembo la ñ ndi ny wa mu "nyama", ch ndi wa mu "chala", ndipo mawu ambiri amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monganso kwathu. Pomwe timapunthwa ndi pa l ndi r, zimene m'Chichewa sizisintha tanthauzo. M'Chisipanishi *pelo* ndi tsitsi, *pero* ndi "koma", *perro* ndi galu. Powerenga chamumtima sizivuta, koma ndakatulo zimafuna khutu, choncho limbanani nazo kuyambira mwezi woyamba. Amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, monga anzathu a ku Tete, Angónia ndi Niassa, mtunda wawo ndi waufupi kwambiri, akhoza kuyamba kuwerenga pakangopita miyezi yochepa. Msampha wawo ndi mawu ofanana maonekedwe: *oficina* m'Chisipanishi ndi ofesi osati galaja, *largo* ndi chachitali osati chotambalala, *rato* ndi kanthawi osati khoswe.

*Kupezeka.* Njira iyi ndiyo yolemera kwambiri, ndipo zambiri n'zaulere. Biblioteca Virtual Miguel de Cervantes, imene inayamba mu 1999 pa yunivesite ya Alicante, ili ndi zolembedwa zambiri za nthawi ya atsamunda ndi za m'ma 1800. Biblioteca Ayacucho, imene boma la Venezuela linakhazikitsa mu 1974, inasindikiza mabuku akuluakulu a chigawo chonse okhala ndi mawu oyamba olembedwa ndi akatswiri ndi ndandanda ya zaka kumapeto, ndipo ambiri akupezeka ngati PDF. Memoria Chilena ili ndi za ku Chile, kuphatikizapo *La Araucana* ya Alonso de Ercilla. Mabuku a alembi akuda a ku Colombia amene unduna wa zachikhalidwe unasonkhanitsa mu 2010 ali pa laibulale ya pa intaneti ya Banco de la República. Buku la pamanja la Guaman Poma, la masamba pafupifupi 1,200 ndi zojambula 398, limene linapezeka ku Copenhagen mu 1908, laibulale ya ufumu wa Denmark inaliika lonse pa intaneti, tsamba lililonse lili ndi chithunzi chake ndi mawu ake otayipidwa. Nalo buku la Bernardino de Sahagún lofotokoza moyo wa Anahua, eni nthaka a ku Mexico, la m'Chisipanishi ndi Nahuatl, bungwe la Getty la ku America linaliika pa intaneti mu 2023.

Zaulerezi zimathera pa alembi amene anamwalira kalekale. M'maiko ambiri umwini wa buku umatha pakapita zaka 70 mlembi atamwalira, ku Mexico zaka 100. Horacio Quiroga anamwalira mu 1937 ndipo Vallejo mu 1938, choncho mabuku awo sasowa. Borges ndi Rulfo anamwalira mu 1986, García Márquez mu 2014: amenewa n'ngogula. Mukamagula, funani a mndandanda wa Letras Hispánicas wa Cátedra, a zikuto zakuda aja, chifukwa amakhala ndi mawu am'munsi ofotokoza mawu ovuta ndi mbiri.

*Kusamalira.* Ola la tsiku ndi tsiku ligaweni pawiri: theka galamala ndi kumvetsera, theka kuwerenga. Musatsate zaka, kuyamba ndi Columbus n'kumatsika. Yambani ndi Chisipanishi chosavuta n'kumabwerera m'mbuyo. Nthano zazifupi za Quiroga za mu *Cuentos de la selva* zikhale zoyamba, kenako *El coronel no tiene quien le escriba* ya García Márquez, yomwe ndi yaifupi ndipo ziganizo zake n'zolunjika, kenako nthano za Rulfo ndi *Los de abajo* ya Mariano Azuela. Mukatero lowani m'zaka za m'ma 1800. Pa za atsamunda yambani ndi *Naufragios* ya Cabeza de Vaca ndi kabuku ka Las Casas, kenako Bernal Díaz ndi Inca Garcilaso. Sor Juana ndi Guaman Poma asiyeni kumapeto. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati patsamba limodzi pali mawu oposa 10 amene simukuwadziwa, bukulo lidikire kaye.

Madikishonale mufunika atatu, onse aulere pa intaneti: *Diccionario de la lengua española* ya Real Academia Española, *Diccionario de americanismos* ya 2010 ya mawu a ku America, ndi *Diccionario de autoridades* ya 1726 mpaka 1739 ya mawu akale. Kope lanu la mawu atsopano ligaweni potsata maiko, chifukwa chinthu chimodzi chimasintha dzina mukawoloka malire. Dowe ku Mexico ndi *elote*, ku Peru ndi ku Argentina ndi *choclo*. Nyemba ndi *frijoles* ku Mexico, *porotos* ku Chile, *caraotas* ku Venezuela. *Guagua* ku Cuba ndi basi, ku Chile ndi khanda. Mawu a kumudzi a Rulfo amene amazunguza owerenga a ku Madrid kwa ife savuta kuwaona m'maganizo: *milpa* ndi munda wa chimanga, *petate* ndi mkeka umene munthu amagonapo ndi kukulungidwamo akamwalira.

*Mavuto.* Loyamba ndi kalembedwe kakale. M'mabuku a m'ma 1500 ndi 1600 mudzapeza *dixo* m'malo mwa *dijo*, lembo la ç, u ndi v zikusinthanasinthana, s wamtali wooneka ngati f, ndi nthawi ya mneni imene lero inatha ntchito, monga *fuere* ndi *hubiere*. Koperani kope la kalembedwe kamakono poyamba, la zithunzi za masamba akale lidzabwere pambuyo. Sor Juana amavuta mwa njira ina: mu *Primero sueño*, ndakatulo ya mizere 975, amamwaza mawu motsanzira Chilatini, afotokozi kubwera poyamba, dzina lake mzere wotsatira, mneni patsogolo pake. Njira yake ndi kulemba chiganizo chilichonse papepala mwadongosolo la masiku onse, kenako n'kubwerera ku ndakatuloyo.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa la mawu. Wowerenga yekha amatenga mabuku a atsamunda ngati malipoti a zimene zinachitika, pamene ambiri ndi madandaulo opita kwa mfumu. Cortés ankalembera mfumu ya Spain Carlos V kuti adziyeretse pa mlandu wonyozera bwanamkubwa wa ku Cuba, Diego Velázquez. Bernal Díaz analemba atakalamba ku Guatemala, kutsutsa Francisco López de Gómara amene anapereka ulemu wonse kwa Cortés, ndi kukumbutsa kuti asilikali wamba nawo ayenera mphotho. Guaman Poma ankalembera mfumu Felipe III kuti eni nthaka a ku Peru adzilamulire okha pansi pa mfumuyo. Pa buku lililonse funsani kuti akulembera ndani ndipo akupempha chiyani. Mawu oyamba a m'makope a Cátedra ndi Ayacucho musawadumphe, ndiwo mphunzitsi wanu.

Lachitatu ndi lakuti njira iyi siipatsa pepala. Ngati mudzafuna umboni, lembani mayeso a DELE a Instituto Cervantes, amene satifiketi yake siitha ntchito, kapena SIELE, olembera pa kompyuta, amene amagwira ntchito zaka 5. Mlingo woyenera kuufuna ndi B2, wachinayi pa milingo isanu ndi umodzi yoyezera kudziwa chiyankhulo.

Njira yachitatu: digiri pa yunivesite ya ku South Africa, Britain kapena America

*Mtengo.* Ku South Africa ophunzira ochokera m'maiko a SADC, monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko pa mayunivesite aboma, n'kuwonjezera kandalama ka ophunzira akunja ndi inshuwalansi ya zachipatala imene viza imafuna. Ku Britain wochokera kunja amalipira mapaundi oposa 20,000 pa chaka m'mayunivesite ambiri, ndipo digiri imatenga zaka 4. Ku America digiri yoyamba ndi yodula koposa, koma pa PhD zinthu zimatembenuka: madipatimenti ambiri a Chisipanishi amakuchotserani fizi ndi kukupatsani ndalama yodyera, inu n'kumaphunzitsa Chisipanishi ophunzira a chaka choyamba kwa zaka 5 kapena 6.

*Kupezeka.* University of Cape Town ndi University of Pretoria zimaphunzitsa Chisipanishi kuyambira kwa wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe. Satifiketi yanu ya sekondale iyenera kuvomerezedwa ndi Matriculation Board, bungwe loona ngati mukuyenera kulowa yunivesite, ndipo digiri ya kunja iyenera kudutsa ku SAQA, bungwe loyeza masatifiketi. Yambani zimenezi miyezi ingapo nthawi yofunsira malo isanatseke. Ku Britain chaka chachitatu chimakhala cha kudziko loyankhula Chisipanishi, ndipo mukhoza kusankha Mexico, Chile kapena Colombia m'malo mwa Spain.

*Kusamalira.* Ndondomeko imakukokani yokha: makalasi, zolemba, mayeso. Phindu lenileni ndi laibulale yokhala ndi magazini a akatswiri, ndi munthu wokuwerengerani zimene mwalemba n'kukuuzani pamene mwaphonya. Patchuthi chachitali muziwerenga buku limodzi m'Chisipanishi, apo ayi mudzabwerera mutaiwala.

*Mavuto.* Dzina la digiri lisakunamizeni. Kwa woyamba kumene, zaka ziwiri zoyamba zimathera pa chiyankhulo, ndipo maola otsalawo amagawidwa pakati pa Spain, Latin America, mafilimu ndi kumasulira. N'zotheka kumaliza mutawerenga nthano zazitali zisanu zokha za ku America, popanda buku ndi limodzi lomwe la nthawi ya atsamunda. M'madipatimenti ang'onoang'ono phunziro lonse la atsamunda limadalira mphunzitsi mmodzi, akachoka nalonso latha, ndipo ku Britain mayunivesite angapo akhala akutseka kapena kuphatikiza madipatimenti a ziyankhulo. Musanalipire, pemphani mndandanda wa maphunziro amene anaphunzitsidwadi zaka ziwiri zapitazo, pamodzi ndi mabuku ake.

Njira yachinayi: digiri yophunzira muli kutali ya UNED

*Mtengo.* UNED, yunivesite yaboma ya ku Spain imene inayamba mu 1972, imalipiritsa potengera maphunziro amene mwalembetsa chaka chimenecho, choncho mukhoza kuyenda pang'onopang'ono molingana ndi thumba. Mabuku n'ngogula panokha. *Kupezeka.* Zonse zimachitika m'Chisipanishi kuyambira tsiku loyamba, ndipo mayeso amalembedwa pamaso pa oyang'anira. Ku Africa kuno malo ake odziwika ndi Malabo ndi Bata ku Equatorial Guinea, pamene ali ku Britain amalembera ku London. *Kusamalira.* Digiri ndi ya zaka 4 kwa wophunzira tsiku lonse, wapantchito ayembekezere zoposerapo. *Mavuto.* Mtima wa digiriyi uli pa chiyankhulo ndi zolembedwa za ku Spain, za ku America ndi gawo chabe. Kwa wokhala ku Lilongwe kapena ku Chipata, matikiti a ndege opita kokalemba mayeso akhoza kuposa fizi.

Njira yachisanu: kukaphunzira ku Latin America komweko

*Mtengo.* Fizi pa mayunivesite aboma ndi yotsika; chodula ndi ndege, nyumba ndi chakudya. Universidad de Buenos Aires yakhala yaulere pa digiri yoyamba ngakhale kwa alendo, koma mu 2025 boma la Argentina linalola mayunivesite aboma kulipiritsa alendo osakhazikika m'dzikomo, choncho funsani yunivesiteyo mmene zilili chaka chimene mukupita. Mitengo ya zinthu ku Argentina imasintha msanga, bajeti ya chaka chatha musaidalire.

*Kupezeka.* Ku Mexico kuli UNAM, yunivesite yaikulu yaboma, kumene digiri ya Lengua y Literaturas Hispánicas imatenga masemesita 8 ndipo polowera pali mayeso a mpikisano waukulu, komanso El Colegio de México ya maphunziro apamwamba. Ku Lima kuli San Marcos, yokhazikitsidwa mu 1551, ndi Pontificia Universidad Católica del Perú, zonse zamphamvu pa zolembedwa za ku Andes. Ku Bogotá kuli Instituto Caro y Cuervo. Ku Buenos Aires mumayamba ndi chaka chokonzekera chotchedwa Ciclo Básico Común musanalowe mu Letras, digiri ya zolembedwa, ndipo wochokera kudziko losayankhula Chisipanishi ayenera kuonetsa satifiketi ya chiyankhulo. Chaka cha sukulu chimayamba mu March ku Argentina, mu August ku Mexico. Masatifiketi anu afunika chidindo chowatsimikizira, cha apostille kapena cha ofesi ya kazembe, ndi kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka ndi boma la kumeneko. Mexico ndi Argentina ali ndi akazembe ku Pretoria ndi ku Nairobi. Ndege za Ethiopian zimachoka ku Addis Ababa kupita ku São Paulo ndi Buenos Aires, ndipo kuchokera ku Johannesburg kulinso zopita ku São Paulo.

*Kusamalira.* Chiyankhulo chimadzisamalira chokha, mumachimva pabasi ndi pamsika. Mabuku ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee pa msewu wa Donceles ku Mexico City ndi wa Corrientes ku Buenos Aires. Chofuna tcheru ndi chilolezo chokhalira m'dziko, chimene chimafuna umboni woti mukulembetsa ndi kukhoza.

*Mavuto.* B2 ya pa pepala siikwanira sabata zoyamba. Ku Buenos Aires amati *vos tenés* ndi *vos sos* pamene buku lanu la galamala linati *tú tienes* ndi *tú eres*, aphunzitsi amayankhula mothamanga, ndipo mayeso ambiri omaliza ndi apakamwa, pamaso pa aphunzitsi. Kunyanyala ntchito pa mayunivesite aboma kumatalikitsa zaka. Dziko lililonse limakokeranso kwawo: ku Argentina mudzakhuta Borges ndi ndakatulo za abusa a ng'ombe, ku Mexico Sor Juana ndi Rulfo, ku Peru Inca Garcilaso ndi José María Arguedas. Sankhani dziko potsata alembi amene mukuwafuna. Wofuna kufufuza zolembedwa pamanja afunikanso phunziro lapadera lowerenga zilembo zakale za alembi a m'makhoti, zolumikizana ngati chingwe. Yeserani pa PARES, pomwe zikalata zambiri za ku Archivo General de Indias ya ku Seville zinaikidwa mwaulere.

Pali njira yaifupi ya ulendo womwewu: maphunziro a milungu ingapo ku CEPE, sukulu ya alendo ya UNAM, kapena ku masukulu a ku Antigua ndi Quetzaltenango ku Guatemala, kumene mphunzitsi mmodzi amakhala ndi wophunzira mmodzi ndipo mumagona pa banja la komweko. Zimapindula kwa amene wafika kale pakati, osati woyamba kumene.

Njira iti kwa ndani

Mphunzitsi wa zolembedwa za Chingerezi, mtolankhani kapena mlembi wa nthano amene akufuna kuona mmene Rulfo amayankhulitsira akufa ndi mmene García Márquez amapindira nthawi atenge njira yoyamba, asamale posankha omasulira, ndipo ndakatulo agule za ziyankhulo ziwiri.

Wokhala ndi ndalama zochepa koma wotha kusunga ola limodzi tsiku lililonse kwa zaka ziwiri atenge yachiwiri, ndipo chaka choyamba aziwerengabe zomasuliridwa kuti chidwi chisazime pamene akulimbana ndi galamala. Wodziwa Chipwitikizi asataye nthawi ndi Chingerezi, alowe yachiwiri mwachindunji.

Wachinyamata womaliza sekondale amene akufuna pepala lodzapezera ntchito ya kumasulira, ya ukazembe kapena ya uphunzitsi ayang'ane ku Cape Town kapena ku Pretoria, aphatikize Chisipanishi ndi phunziro lina monga mbiri, malamulo kapena Chipwitikizi. Britain ndi ya amene ali kale komweko ndipo amalipira fizi ya eni dziko, kapena wapeza sikolashipu yathunthu. UNED imayenera wapantchito wodziwa kale Chisipanishi amene amakhala pafupi ndi malo olembera mayeso.

Amene mtima wake uli pa Sor Juana, Guaman Poma kapena zikalata za akapolo a ku Cuba ndi Cartagena, ndipo akufuna kudzakhala wofufuza, ayambe ndi njira yachiwiri mpaka apeze B2, achite digiri yachiwiri ku Mexico City, Lima kapena Bogotá molingana ndi alembi ake, ayambe Nahuatl kapena Quechua ali komweko ngati mutu wake ukufuna, kenako afunsire PhD yolipiridwa ku America kapena apitirize pa yunivesite yomweyo.